Kuvula nsapato pothamanga pambuyo povulala kawirikawiri: zimene kafukufuku wapeza

Munthu wothamanga akavulala kachitatu kapena kachinayi pamalo amodzimodzi, amayamba kufunafuna chomwe chikumupweteka, ndipo nthawi zambiri mlandu umagwera nsapato. Ena amafika kwa wazaumoyo ataganiza kale zochita. Amva kuti kuthamanga osavala nsapato kumathetsa ululu wa m'bondo, tsono akungofuna kuti muwavomereze. Yankho lomwe mungapereke lili ndi zotsatira zake. Ambiri mwa anthu amene timawalimbikitsa kuchita masewera olimbitsa thupi ndi omwe akulimbana ndi kunenepa kwambiri, BP kapena shuga. Munthu wotere akavulalanso amagwa ulesi n'kusiyiratu, ndipo langizo lolakwika likhoza kumusiya ndi fupa long'aluka kapena chilonda chosapola.

Kafukufuku wa zaka zapitazi akuloza ku mfundo imodzi. Kuvula nsapato sikuchotsa katundu amene mwendo umasenza pothamanga. Kumangomusamutsa, kumuchotsako pa bondo n'kumuika pa katumba, pa mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene ndi pa mafupa a phazi. Choncho kusinthaku kungathandize munthu wina n'kuvulaza mnzake, malinga ndi pomwe aliyense amamva ululu, thanzi lake, malo amene amathamangira komanso liwiro lomwe wasinthira.

Kuvulala kwa othamanga n'kofala motani

Mu 2007, akatswiri a ku Netherlands motsogozedwa ndi van Gent anaunika pamodzi kafukufuku wosiyanasiyana wa othamanga mitunda italiitali. Anapeza kuti chiwerengero cha ovulala miyendo chinkayambira pa 19 mpaka 79 pa anthu 100 alionse, kutengera gulu lomwe linafufuzidwa. Bondo ndilo linkavulala kuposa malo ena onse. Zinthu ziwiri zinaonekera poyera kuti zimaonjezera chiopsezo: kuthamanga makilomita ambiri pa sabata, ndi kukhala kuti munthuyo anavulalapo kale.

Kuvulala kotere sikuchitika chifukwa cha kugwa kapena kubinya kamodzi. Phazi lililonse limagunda pansi pafupifupi ka 600 pa kilomita imodzi. Fupa, mtsempha ndi minofu zimatha kuzolowera katundu wobwerezabwereza chotere, koma zimafuna nthawi yopuma ndi yodzikonza. Katundu akamakwera msanga kuposa mmene thupi likudzikonzera, chiwalo chofooka kwambiri ndicho chimayamba kupweteka. Munthu amene anabwerera kothamanga asanachire bwinobwino amavulalanso pomwepo, kaya wavala nsapato yanji.

Maganizo ovula nsapato anachokera kuti

Kuthamanga popanda nsapato si kwachilendo. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathon pa masewera a Olympic ku Rome mu 1960 ali wosavala nsapato, mu maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16. Zaka zinayi pambuyo pake anapambananso ku Tokyo, ulendo uno atavala nsapato, ndipo anathamanga mwachangu kuposa poyamba. Zola Budd wa ku South Africa anatchukanso m'zaka za m'ma 1980 chifukwa chopikisana osavala nsapato.

Chomwe chinafalitsa maganizowa pakati pa anthu wamba ku America ndi ku Ulaya ndi buku la Christopher McDougall lotchedwa Born to Run, lomwe linatuluka mu 2009. Bukulo limakamba za anthu a mtundu wa Tarahumara ku Mexico, amene amathamanga mitunda italiitali atavala nsapato zopyapyala, zambiri zosokedwa ndi matayala. Chaka chotsatira, mu 2010, Daniel Lieberman wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Nature zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa othamanga a ku America ndi a mtundu wa Kalenjin ku Kenya. Anaona kuti ozolowera nsapato zamakono ambiri amatera ndi chidendene, pamene okulira osavala nsapato ambiri amatera ndi kutsogolo kapena pakati pa phazi. Mphamvu ya kugunda koyambirira kwa phazi mwa osavala nsapato otera ndi kutsogolo inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yomwe inayezedwa mwa otera ndi chidendene.

Kafukufukuyu anayeza mphamvu ya kugunda pansi, sanawerenge anthu ovulala. Komabe anthu ambiri anamumva ngati wanena kuti nsapato ndizo zimavulaza. Makampani anayamba kugulitsa nsapato zopyapyala kwambiri zoyerekeza phazi losavala. Mu 2014 kampani ya Vibram, yopanga nsapato za zala zisanu zotchedwa FiveFingers, inavomera kulipira madola 3.75 miliyoni pothetsa mlandu ku America, komanso kusiya kulengeza kuti nsapatozo zimalimbitsa minofu kapena kuchepetsa kuvulala mpaka patapezeka umboni wa sayansi. Kampaniyo sinavomere kuti inalakwa.

Ndiponso si onse okulira osavala nsapato amene amathamanga mofanana. Mu 2013, Kevin Hatala ndi anzake anafufuza anthu 38 a mtundu wa Daasanach kumpoto kwa Kenya, amene nawonso amayenda osavala nsapato. Pothamanga pa liwiro lodzisankhira okha la mtunda wautali, pafupifupi 72 pa 100 alionse mwa maponderedwe amene anayezedwa anali a chidendene. Liwiro, kulimba kwa nthaka ndi chizolowezi zonse zimakhudza kapondedwe. Kungovula nsapato sikutsimikizira kuti munthu asintha kateredwe kake, ndipo amene apitiriza kugunda ndi chidendene pa phula alibenso chomutchinjiriza.

Chimene chimasintha m'mwendo

Munthu akamathamanga osavala nsapato, kawirikawiri amafupikitsa mapondedwe ake, amaponda kambirimbiri pa mphindi, ndipo phazi limatera pafupi ndi thupi m'malo motambasukira patsogolo. Bondo silipindika kwambiri polandira kulemera kwa thupi. Mu 2014, Jason Bonacci ndi anzake ku Australia anayeza othamanga 22 ndipo anapeza kuti kupsinjika kwa pansi pa fupa lobulungira la kutsogolo kwa bondo kunachepa ndi pafupifupi 12 peresenti pamene anthuwo ankathamanga osavala nsapato. Kwa munthu amene vuto lake ndi ululu wa kutsogolo kwa bondo, iyi ndi nkhani yabwino.

Ntchito yomwe bondo lapumako imagwera kumunsi. Phazi likatera ndi kutsogolo, chidendene chimatsika pang'onopang'ono, ndipo chomwe chimachigwira kuti chisagwe mwadzidzidzi ndi katumba pamodzi ndi mtsempha wa Achilles, umene umalumikiza katumbayo ku fupa la chidendene. Kafukufuku wa Kulmala ndi anzake ku Finland mu 2013 anapeza zonse ziwiri pamodzi: otera ndi kutsogolo kwa phazi anali ndi kupsinjika kochepa pa bondo, koma mtsempha wa Achilles unkakokedwa mwamphamvu kuposa wa otera ndi chidendene. Mafupa asanu aatali a pakati pa phazi, amene amathera ku zala, nawonso amalandira katundu wochuluka kuposa amene anazolowera m'nsapato yokhuthala.

Kodi kuvulala kumachepa?

Allison Altman ndi Irene Davis anatsatira othamanga 201 kwa chaka chathunthu, 107 osavala nsapato ndi 94 ovala, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Osavala nsapato anali ndi kuvulala kochepa kwa mafupa ndi minofu pa munthu aliyense, koma ankathamanganso makilomita ochepa. Atawerengera molingana ndi mtunda wothamangidwa, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Chinasiyana ndi malo ovulala. Ovala nsapato ankadandaula kwambiri bondo, chiuno ndi ululu wa pansi pa chidendene. Osavala ankadandaula katumba, ndipo anali ndi mabala ndi matuza ambiri kupansi kwa phazi.

Ku Vancouver m'dziko la Canada, Michael Ryan ndi anzake anagawa mwamaere othamanga pafupifupi 100 m'magulu atatu pokonzekera mpikisano wa makilomita 10 kwa masabata 12. Pa nthawi imeneyo m'gulu la nsapato zamasiku onse munavulala anthu 4, m'gulu la nsapato zopyapyala pang'ono 12, ndipo m'gulu la zopyapyala kwambiri 7. A gulu lomalizali ankamva ululu wochuluka m'katumba ndi m'msongolo.

Mu 2022 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 12 wokhudza anthu oposa 11,000 pa funso loti kodi mtundu wa nsapato umateteza othamanga ku kuvulala. Owunikawo anapeza kuti umboni wambiri ndi wofooka, ndipo sukuonetsa mtundu umodzi wa nsapato woposa ina yonse. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti tisalonjeze munthu kuti nsapato yodula imuchiza, tisamulonjezenso kuti kuvula nsapato kumuchiza.

Ngozi ili pa kusintha msangamsanga

Kafukufuku amene akufotokoza bwino kuopsa kwa nthawi yosinthira ndi wa Sarah Ridge ndi anzake a ku Brigham Young University, wa mu 2013. Othamanga 36 anajambulidwa mapazi ndi makina a MRI asanayambe komanso patatha masabata 10. Anthu 17 anapitiriza ndi nsapato zawo, pamene 19 anasinthira ku nsapato za zala zisanu pang'onopang'ono. Pamapeto pake, 10 mwa 19 aja anali ndi zizindikiro zoonjezereka za kutupa mkati mwa mafupa a phazi, ndipo awiri mwa iwo mafupa anali atang'aluka. M'gulu losasintha munapezeka munthu mmodzi yekha wokhala ndi kutupa kotere. Masabata 10, amene wothamanga angaone ngati nthawi yaitali, sanakwanire kwa theka la anthuwo.

Chifukwa chake chili m'kakonzedwe ka fupa. Fupa likayamba kulandira katundu watsopano, thupi limayamba ndi kugumula tizigawo totopa, kenako n'kumangapo tatsopano. Kugumula kumatenga masabata, kumanga kumatenga miyezi. Pakati pamenepo fupa limakhala lofookerapo. Mtima ndi mapapo a wothamanga wozolowera zimamulola kuthamanga makilomita 10 tsiku loyamba lomwelo, koma mafupa a phazi ndi mtsempha wa Achilles zimakhala zisanakonzeke.

Kulemera kwa thupi kumaonjezera vutoli. Ku Australia, Joel Fuller ndi anzake anatsatira amuna othamanga 61 kwa masabata 26. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2017, zinaonetsa kuti mu nsapato zopyapyala chiopsezo chovulala chinkakwera mwa anthu olemera kuposa makilogalamu 71, ndipo ululu unkachuluka mwa othamanga kupitirira makilomita 35 pa sabata.

Kafukufuku wambiri amene tatchulayu anachitika pakati pa anthu ozolowera nsapato zokhuthala kuyambira ali ana. Mnyamata wakumudzi amene amasewera mpira ndi kuthamanga osavala nsapato tsiku lililonse ali ndi phazi lozolowera kale, ndipo nkhani ya kusinthayi simukhudza mofanana. Koma munthu amene anakulira kumudzi, n'kukhala m'tauni zaka 15 akuvala nsapato, sangadalire mapazi a ubwana wake. Thupi limasunga mphamvu ya ntchito yomwe likugwira panopa.

Nthaka ndi thanzi la munthu

Kwathu kuno funsoli lili ndi mbali ina yomwe kafukufuku wa ku America ndi ku Australia sanaigwire. Mphutsi za njoka za m'mimba zotchedwa hookworm zimakhala m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo zimalowa m'thupi kudzera pakhungu la phazi. Njokazi zimayamwa magazi m'matumbo n'kuchepetsa magazi m'thupi, vuto lomwe ndi lalikulu kwa amayi ndi atsikana. Matekenya amalowanso m'mapazi kuchokera m'fumbi ndi mumchenga. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi mu ndowe, ndipo bala la munga, msomali kapena botolo losweka ndi khomo lokwanira. Phula la msewu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala limatentha moti likhoza kuwotcha khungu. Aliyense wofuna kuthamanga osavala nsapato afunsidwe za katemera wa kafumbata ndi za malo amene adzathamangirepo.

Pali anthu ena amene yankho lawo ndi ayi, posatengera kuti bondo likuwapweteka motani. Woyamba ndi wodwala shuga. Shuga amaononga mitsempha yomvera ya m'mapazi, moti munthu amaponda munga osamva, ndipo chilondacho chikhoza kufika podulitsa phazi. Malangizo a dziko lonse osamalira mapazi a odwala shuga amaletsa amene ali pa chiopsezo cha zilonda kuyenda osavala nsapato ngakhale m'nyumba. Chimodzimodzinso munthu aliyense wadzanzi m'mapazi pa chifukwa china, monga khate, HIV, mowa wambiri kapena mankhwala a TB otchedwa isoniazid. Ena ndi amene magazi sayenda bwino m'miyendo, amene ali ndi chilonda kapena ming'alu yakuya kuphazi, ndi amene akumwa kapena angomaliza kumene ciprofloxacin ndi mankhwala ena a gulu lake, chifukwa mankhwalawa amaonjezera chiopsezo cha kuduka kwa mtsempha wa Achilles.

Zoyenera kufunsa musanayankhe

Funso loyamba ndi lakuti: pakupweteka ndi pati? Muuzeni munthuyo aloze ndi chala chimodzi. Ngati ndi kutsogolo kwa bondo, kusintha kapondedwe kungathandize. Ngati ndi katumba, mtsempha wa Achilles kapena pamwamba pa phazi, kapena ngati fupa la phazi linang'alukapo kale, kuvula nsapato kuonjezera katundu pamalo ovulala omwewo.

Lachiwiri: chinasintha n'chiyani masabata angapo ululu usanayambe? Kawirikawiri mupeza kuti anaonjezera mtunda, anayamba kukwera zitunda, anayamba kuthamanga tsiku lililonse, kapena akukonzekera mpikisano. Onaninso nsapato zomwe akuziimba mlanduzo. Nsapato ya pakaunjika yomwe inatha mbali imodzi, kapena yomuthina, ndi vuto la nsapato imeneyo, si umboni woti nsapato zonse n'zoipa.

Lachitatu: kodi kuvulala koyamba kunapola? Munthu ayesedwe ngati angathe kuima ndi mwendo umodzi, kunyang'ama ndi mwendo umodzi kangapo, ndi kudumphadumpha osamva ululu. Amene sangathe zimenezi akufunika mafizo, osati njira yatsopano yothamangira.

Lachinayi: akudya mokwanira? Wothamanga amene amadya zochepa poyerekeza ndi ntchito ya thupi lake amafooka mafupa. Kwa amayi ndi atsikana, kusiya kusamba kwa miyezi ingapo asali oyembekezera ndi chizindikiro chofunika kuchitsatira, chifukwa chimayendera limodzi ndi kung'aluka kwa mafupa.

Kwa amene mwamuvomereza

Ayambe ululu wakale utatha. Masabata oyamba akhale ongoyenda osavala nsapato pamalo oyera ndi osalala, pamodzi ndi kulimbitsa katumba ndi phazi: kunyang'ama n'kutsika pang'onopang'ono, poyamba ndi miyendo yonse kenako umodzi, ndi kukokera kutsogolo kwa phazi cha kuchidendene osapinda zala kuti mkati mwa phazi mukwere. Akayamba kuthamanga, ikhale mphindi imodzi kapena ziwiri zokha pabwalo lomwe wayamba waliyendera n'kulichotsa minga ndi magalasi. Mtunda wotsalawo athamange ndi nsapato zake. Asathamange osavala masiku awiri otsatizana, ndipo asaonjezere mtunda wa sabata yonse pa nthawi yomwe akusintha. Chidendene chizitsika n'kukhudza pansi mopepuka, chifukwa kuthamanga monyang'ama kumatopetsa katumba msanga. Muuzeni poyera kuti ntchitoyi ndi ya miyezi yambiri, komanso kuti palibe lamulo loti afike posiyiratu nsapato. Madzulo alionse aziona mapazi ake, kupansi ndi pakati pa zala.

Kuwawa kwa katumba kwa tsiku limodzi kapena awiri n'koyembekezeka poyamba. Koma asiye n'kubwera kuchipatala akaona ululu wa malo amodzi pafupa umene umakula akadina ndi chala kapena akadumpha, kutupa pamwamba pa phazi, kutsimphina, ululu wausiku, kapena mtsempha wa Achilles wouma ndi wopweteka m'mawa uliwonse. X-ray kawirikawiri sionetsa mng'alu wotere m'masabata awiri kapena atatu oyamba, choncho chithunzi chooneka bwino chisakupangitseni kumulola kuthamanga. Ululu wadzidzidzi kumbuyo kwa chidendene, ngati wina wamumenya, pamodzi ndi kulephera kunyang'ama, ndi chizindikiro cha kuduka kwa mtsempha ndipo munthuyo atumizidwe kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Njira zina zosafuna kuvula nsapato

Phindu lalikulu lomwe bondo limapeza lingapezeke munthu atavala nsapato zake. Bryan Heiderscheit ndi anzake a ku yunivesite ya Wisconsin anaonetsa mu 2011 kuti kuonjezera chiwerengero cha mapondedwe pa mphindi ndi 5 mpaka 10 peresenti, liwiro lili lomwelo, kumachepetsa katundu pa bondo. Izi sizifuna chipangizo china koma wotchi. Munthu awerenge mapondedwe ake pa mphindi imodzi, ndipo ngati ndi 160, ayesere kufika 168. Ku Hong Kong, kafukufuku wa mu 2018 wa othamanga atsopano 320 anapeza kuti amene anaphunzitsidwa kuponda mofewa kwa masabata awiri anavulala 16 pa 100 alionse m'chaka chotsatira, poyerekeza ndi 38 pa 100 alionse mwa osaphunzitsidwa. Ku São Paulo m'dziko la Brazil, kafukufuku wa mu 2020 wa othamanga 118 anaonetsa kuti amene sanachite masewera olimbitsa phazi anali ndi chiopsezo chovulala choposa kawiri cha amene anachita.

Tsono munthu akakufunsani ngati avule nsapato, yambani ndi kumuvula nsapatozo inuyo kuti muone mapazi ake. Yesani ngati akumva kukhudza, funsani za shuga ndi mankhwala amene akumwa, pezani pomwe pakupweteka ndi chomwe chinasintha. Wathanzi, wa ululu wa kutsogolo kwa bondo, amene ali ndi bwalo loyera ndi mtima wodekha, angayesere pang'onopang'ono. Ena onse muwathandize kuchepetsa mtunda, kufupikitsa mapondedwe ndi kulimbitsa miyendo nsapato zili kuphazi, ndipo muwapatse tsiku lodzabweranso kuti mudzaone mmene zikuyendera.